Mzinda Wotakata, Mipope Yaitali

Pamene Boma linatsimikiza mu 1965 kuti likulu lichoke ku Zomba kunka ku Lilongwe, mlandu waukulu unali wa ndalama. Dziko la Britain linakana kuthandizapo. Ngongole ya marandi 8 miliyoni inachokera ku South Africa mu 1968, chaka chomwecho chimene bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa. Bungweli linapatsidwa ulamuliro pa malo, kuti pobwereketsa mapoloti ndi nyumba lipeze zopititsira ntchito patsogolo.

Ojambula mapulani anafuna mudzi wa mitengo ndi kamphepo kayaziyazi. Kotero anamwaza madera patalipatali: Capital Hill uku, Kanengo uko, tauni yakale kummwera, tchire pakati. Kukongola kwake palibe wotsutsa. Komatu mtunda uliwonse umene mpope kapena msewu udutsa m'thengo ufuna ndalama, ndipo m'thengomo mulibe wokhoma msonkho.

Likulu linasamuka mu 1975. Bungwe lija linathetsedwa mu 1984. Pa kalembera wa 2018 mumzindawu munapezeka anthu 989,318, ambiri a iwo m'madera monga Mtandire ndi Chinsapo, kumene nyumba zinatsogola, misewu ndi madzi n'kumatsata pambuyo. Tsono kalaliki wokhala ku Area 25 alipira mtundawo yekha pa minibasi, m'mawa ndi madzulo.