Kamata ka i7 kasatinamize: kusankha laputopu yakale mwanzeru

Ambiri a ife amene tikuphunzira zauphunzitsi timadziwa kumene ndalama ya laputopu imachokera. Kwa ife a ku Mitundu ndi ku Nathenje, ndalamayo imakhala ya soya, mtedza kapena fodya amene makolo agulitsa atakolola. Ena amachita kugulitsa mbuzi. Chikhalireni kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, laputopu yatsopano yakhala ya anthu ochepa. Ambirife timagula yogwiritsidwapo kale ntchito, imene ogulitsa mumzinda wa Lilongwe amaitchula kuti ex-UK. Kugula yakale sikolakwika. Vuto ndi lakuti timasankha poona kamata kamene kali pafupi ndi kiyibodi: tikaona i7 mtima umagwa pansi, ndalama n'kupereka. Tiyeni tione chifukwa chake kamatako sikanena zonse.

Purosesa ndi kachipangizo kamene kamachita masamu onse a kompyuta. Malaputopu ambiri akale amene amafika kuno ali ndi mapurosesa a kampani ya Intel, otchedwa Core i3, Core i5 ndi Core i7. Mainawa akhala akugwiritsidwa ntchito pamalaputopu kwa zaka zoposa 10, ndipo pafupifupi chaka chilichonse kunkatuluka m'badwo watsopano. Ife aphunzitsi tingazimvetse motere: i3, i5 ndi i7 ali ngati nambala imene mwana wakhala m'kalasi, pamene m'badwo ndiye kalasi lenilenilo. Mwana amene wakhala nambala wani mu Sitandade 6 ndi wanzeru ndithu, koma sitingamupatse mayeso a Folomu 2 n'kuyembekezera kuti apose amene wakhala wachisanu m'kalasimo.

Nanga m'badwo timaudziwa bwanji? Pambuyo pa i5 kapena i7 pamakhala nambala. Ikakhala ya manambala anayi, yoyambayo ndiye m'badwo. Purosesa ya i5-2520M ndi ya m'badwo wachiwiri, wa 2011. Ya i5-3320M ndi ya m'badwo wachitatu, wa 2012. Ya i5-4300U ndi ya wachinayi, wa 2013. Ya i5-6300U ndi ya wachisanu ndi chimodzi, wa 2015, ndipo i5-8250U ndi ya wachisanu ndi chitatu, umene unatuluka mu Ogasiti 2017. Manambala akakhala atatu okha, monga i5-520M, ndiye kuti ndi ya m'badwo woyamba, wa 2010. Tisasokonezeke ndi zoyamba ndi 10 kapena 11, monga i5-10210U kapena i5-1135G7. Zimenezi ndi za m'badwo wa 10 ndi wa 11, zatsopano kuposa zonse tatchulazi.

M'kati mwa purosesa mumakhala timagawo totchedwa core, timene timagawana ntchito. Tingatiyerekezere ndi anthu otonola chimanga pakhonde: anayi amamaliza msanga kuposa awiri, malinga aliyense ali ndi dengu lake. Kuyambira m'badwo woyamba mpaka wachisanu ndi chiwiri, mapurosesa a i5 a m'malaputopu wamba a muofesi anali ndi ma core awiri, ndipo kusiyana kwa m'badwo wina ndi wotsatira wake kunali kochepa. Kusintha kwakukulu kunabwera mu 2017, pamene i5-8250U inatuluka ndi ma core anayi. Pamenepa ndi pamene ambiri timapusitsidwira. Purosesa ya i7-7500U ili ndi ma core awiri okha. Choncho tikatsegula zinthu zambiri nthawi imodzi, i5 ya m'badwo wachisanu ndi chitatu imaisiya kutali i7 imeneyi, ngakhale wogulitsa angaike mtengo wokwera pa i7 chifukwa cha dzina.

Msampha wina ndi nambala ya GHz. Wogulitsa angatiuze kuti i5-3320M ndi ya 2.6 GHz pamene i5-8250U ndi ya 1.6 GHz basi. Zimenezo n'zoona, koma 1.6 ndi liwiro loyambira chabe. Ntchito ikachuluka, i5-8250U imatha kukwera mpaka 3.4 GHz. Kufanizira GHz kumathandiza pokhapokha mapurosesawo ali a m'badwo umodzi.

Tibwere ku chilembo chakumapeto, chimene chili chofunika kwambiri kwa munthu wokhala kumudzi. Mapurosesa othera ndi M, monga i5-2520M ndi i5-3320M, anapangidwa kuti azigwira ntchito pa mawatsi 35. Othera ndi U amene tawatchula pano ndi a mawatsi 15. Amene akukhala mumzinda sangaone kusiyana kwake. Koma tiganizire nthawi yokayeserera kuphunzitsa, titatumizidwa kusukulu ina ya mkati, kutali ndi msewu wa M1 wodutsa pa Nathenje kapena kupitirira msika wa Mitundu. Nyumba zambiri zilibe magetsi a ESCOM, ndipo kumene aliko amathimathima. Timadalira sola yaing'ono kapena kukatchajitsa pamsika. Laputopu ya M imatentha, fani imangolira, ndipo batire lake, limene latumikira kale zaka zambiri, silichedwa kutha. Ya U imadya moto pang'ono, moti tingamalize kulemba dongosolo la phunziro la mawa isanazime.

Pali nkhani inanso ya Windows. Kampani ya Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lothera thandizo lanthawi zonse la Windows 10. Laputopu siizima chifukwa cha zimenezo, koma ikasiya kulandira zotseka mipata yolowera mavairasi imakhala ngati nyumba yopanda loko, makamaka kwa ife amene timabwerekana mafulashi tsiku ndi tsiku. Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel Core kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, kupatulapo ochepa chabe a wachisanu ndi chiwiri. Amisiri ena amaikakamiza pamakina akale n'kutionetsa kuti ikuyenda, koma Microsoft siilonjeza kuti makina otero azilandira zokonza. Choncho kuona Windows 11 pasikirini si umboni wakuti laputopuyo ndi yatsopano.

Tichenjerenso ndi laputopu zooneka zatsopano, zopyapyala ndi zonyezimira, zokhala ndi purosesa ya Celeron, monga N3060 kapena N4000. Zimadya moto pang'ono zedi, koma mphamvu n'zochepa, ndipo zambiri zili ndi RAM ya 4 GB yomatiriridwa, yosatheka kuwonjezera. Laputopu yamuofesi yokandikakandika ya i5 nthawi zambiri imaiposa. Kukoma kwa mnzako sikuli pa malaya.

Komabe tisaiwale kuti purosesa siyenda yokha. Ntchito zathu zambiri ndi kulemba mu Word, kuwerengera malikisi mu Excel, kukonza PowerPoint, kuwerenga mabuku a PDF ndi kufufuza pa intaneti. Kumpingo tingaonjezepo kusunga kaundula, kukonza pulogalamu ya achinyamata kapena kuonetsa nyimbo pakhoma. Pantchito zimenezi, chimene chimachedwetsa laputopu yakale kawirikawiri si purosesa koma chosungira zinthu. Hadi disiki yachikale ili ndi mbale yozungulira m'kati, pamene SSD ilibe chozungulira ndipo imawerenga mofulumira kangapo. Laputopu ya i5-6300U yokhala ndi SSD ndi RAM ya 8 GB imayaka ndi kutsegula mapulogalamu msanga kuposa ya i7 yokhala ndi hadi disiki ndi 4 GB.

Ndiye tigule iti? Ngati thumba likulola, tifunefune i5 ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, kapena Ryzen 5 3500U ya kampani ya AMD, ya 2019, imenenso ili ndi ma core anayi ndipo Windows 11 imaivomereza. Imeneyi ingatifikitse kumapeto a maphunziro n'kulowa nafe ntchito. Ngati ndalama yachepa, ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi kapena wachisanu ndi chiwiri yokhala ndi SSD igwirabe ntchito, koma mtengo wake uzitsika moonekeratu. Ya m'badwo wachiwiri kapena wachitatu tiitenge pokhapokha ili yotsika mtengo kwambiri kapena tapatsidwa, ndipo tiganizire zoikamo Linux Mint, yomwe ndi yaulere ndipo imabwera ndi LibreOffice yolembera.

Tsiku logula tisadalire dzina la laputopu lokha. Lenovo ThinkPad T480, HP EliteBook 840 G5 ndi Dell Latitude 5490 zimadziwika ngati za m'badwo wachisanu ndi chitatu, koma zina mwa izo zinatuluka ndi mapurosesa a wachisanu ndi chiwiri. Tiiyatse tokha, tidine Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, tisankhe Performance, kenako CPU. Pamenepo tiona dzina lonse la purosesa ndi kuchuluka kwa ma core. Pambali pake tiona RAM ndi chosungira. Tichotse chaja, tiigwiritse ntchito kwa kanthawi, tione mmene batire likutsikira. Wogulitsa wokana kuti tichite zimenezi watiuza kale zonse.

Kumpingo timaphunzira za ukapitawo, ndipo nthawi zambiri timaganiza za chakhumi ndi zopereka zokha. Koma ndalama ya soya imene mayi atiikira m'manja nayonso ndi yoikizidwa. Tisanakwere minibasi ya ku tauni, tilembe papepala zinthu zinayi: m'badwo, chilembo chakumapeto, SSD ndi RAM. Tikafika m'sitolo, tiyambe tafunsa zimenezo, mtengo pambuyo.