NTHENDA YA MAGANIZO IMAONEKERA M'MASO

M'midzi ya m'boma la Chongwe, munthu akaleka kupita kumunda, kusowa tulo ndi kukana nsima kwa masabata ambiri, acibale amafulumira kunena kuti ndi ulesi kapena kuti wina wamulodza. Iye akadandaula kuti dziko likuoneka lotuwa ngati kwagwa nkhungu, amayesa kuti angofuna kumveredwa cisoni. Koma akatswiri a zacipatala apeza kuti dandaulo lotere liri ndi maziko m'diso mwenimwenimo.

Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala ka mitsempha kochedwa retina, kamene kamalandira kuwala ndi kutumiza uthenga ku ubongo. M'caka ca 2010, Dr Emanuel Bubl ndi anzace a pa yunivesite ya Freiburg ku Germany anapima anthu 40 odwala nthenda ya cisoni cosatha, yomwe azungu amati depression, pamodzi ndi anthu 40 abwinobwino. Onsewa anapenyetsedwa timabokosi toyera ndi takuda monga ta pa thabwa la dirafuti, makina nalemba mphamvu ya magetsi yocokera mu retina. Mwa odwalawo mphamvuyo inali yocepa kwambiri, kusonyeza kuti diso lao linali kubvutika kusiyanitsa coyera ndi cakuda.

M'caka ca 2012 akatswiri omwewo analengeza zimene anapeza atapimanso odwala amene anali kulandira mankhwala. Awo amene anacira maganizo, retina yao inabwerera mwakale. Awo amene sanacire, inakhalabe yofooka. Akuti mwina cocititsa ndi dopamine, mankhwala a m'thupi amene amagwira nchito mu ubongo ndi mu retina momwe. Popeza opimidwawo anali owerengeka, njirayi sinafike poti nkugwiritsidwa nchito pozindikira nthendayi m'zipatala. Komabe yaonetsa kuti wodwalayo sanama.

Pali cina coyenera kusamala. Mankhwala a amitriptyline, amene amaperekedwa kawirikawiri pa nthendayi, amaumitsa kukamwa ndipo ena amawacititsa kuona mwacimbuuzi, makamaka powerenga kapena polowetsa ulusi m'singano. Zimenezi zimayamba m'masiku oyambirira, pamene mtima sumayamba kupepuka kufikira patapita masabata awiri kapena anai. Apa ndi pamene wodwala amataya mapilisi, poganiza kuti amuononga maso. Coyenera ndico kubwerera kwa dokotala, amene angacepetse mlingo kapena kusintha mankhwala. Koma diso likafiira ndi kuwawa kwambiri mwadzidzidzi, munthu naona ngati utawaleza pozungulira nyale, athamangire kucipatala tsiku lomwelo, cifukwa imeneyo ingakhale glaucoma, nthenda yocititsa khungu.

Thandizo siliri kutali. Wodwala ayambire pa kiliniki ya kwao kapena pa cipatala ca boma ca Chongwe. Ofunika akatswiri amatumizidwa ku Chainama Hills ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962, pa mseu womwewo wa Great East. Lamulo la 2019 lokhudza umoyo wa maganizo limateteza ulemu ndi ufulu wa odwala otere.

Nchito yaikuru yatsalira acibale. Iwo ndiwo ayenera kuperekeza wodwala, kumukumbutsa mapilisi ace ndi kumupirira kufikira tsiku limene adzatenganso khasu yekha.