Kiyi watsekeredwa m'galimoto!

Tsiku lina tikuchokera ku Chintheche pa msewu wa M5, amalume anaimika galimoto pa Kande kuti agule usipa. Tonse tinatsika, iwo n'kukankha chitseko, phaa! Pobwerako ndi jumbo ya usipa anapisa m'thumba, mulibe kanthu. Titasuzumira pagalasi tinaona kiyi ali lende pafupi ndi chiwongolero, zitseko zonse zitakiyika.

Mwina mukuti, bwanji osangobwereka kiyi wa galimoto ina? Tatengani kiyi wa pakhomo panu mumuyang'anitsitse. Ali ndi mano, ena aatali, ena aafupi. M'kati mwa loko muli tizitsulo ting'onoting'ono tokankhidwa ndi timasipulingi, ndipo n'timene timagwira loko kuti asatembenuke. Kiyi wake weniweni akalowa, dzino lililonse limakankha kachitsulo kake mpaka tonse titafola mzere umodzi, basi loko n'kumasuka. Kiyi wachilendo amasiya kamodzi kapena tiwiri titatchingabe. Nzeru imeneyi si ya lero ayi. Aigupto akale ankasema maloko otere ndi mtengo, ndipo m'zaka za m'ma 1860 Linus Yale Jr. wa ku America anapanga loko wa kiyi wamng'ono wophwatalala. Dzina loti Yale mwina munaliwerengapo pa loko wa pagolosale.

Makaniko amene anabwera pa njinga yamoto sanalimbane naye loko n'komwe. Poyamba anafuna atsimikize kuti galimotoyo ndi ya amalume, chifukwa kutsegula ya mwini popanda chilolezo ndi mlandu wa kupolisi. Kenako anapanikiza kathabwa pamwamba pa chitseko, n'kulowetsa waya pakampatapo. Anangoti chete, lilime kunja, ngati msodzi wa mbedza podikira batala. Wayayo anaphonya kanayi. Kachisanu anakola kabatani ka m'kati, chitseko n'kutseguka, ndipo amayi ogulitsa usipa anawomba m'manja.

Ija inali galimoto yakale. Zambiri zamakono zili ndi alamu, komanso kiyi wake amakhala ndi kachipangizo kamene injini iyenera kukazindikira isanalire.

Koma ichi musachiiwale, anzanga. Galimoto yotsekedwa ikakhala padzuwa la kunyanja kuno, makamaka mu Okutobala, m'kati mumatentha ngati uvuni. Mukaona mwana watsekeredwamo, musatayire nthawi kufunafuna waya. Kuwani, thamangani mukaitane akuluakulu msangamsanga.