Bizinesi Yokula ndi Ndalama za Ogula: Nkhani ya Mailchimp

Munthu akayamba bizinesi payekha amakumana ndi mafunso aŵiri amene samuchoka pamtima. Loyamba ndi lakuti ndalama zokulitsira ntchito yake zichokera kuti. Lachiŵiri ndi lakuti anthu ogula adziŵa bwanji kuti iye alipo. Ambiri amaganiza kuti yankho ndi limodzi, ndilo kupeza munthu wolemera woti aikemo mpamba waukulu, kenaka n'kulengeza malonda ponseponse. Nkhani ya lero ikufotokoza za kampani ina ya ku America imene inatsata njira yosiyana ndi imeneyi, kuti omvera adziweruzire okha ubwino wa njirayo pamodzi ndi mtengo wake.

Kampaniyo dzina lake ndi Mailchimp, ndipo inayambira mu mzinda wa Atlanta m'chaka cha 2001. Eni ake odziŵika anali Ben Chestnut ndi Dan Kurzius. Onse aŵiri anakulira m'mabanja a mabizinesi aang'ono: amayi ake a Chestnut ankakonza anthu tsitsi m'nyumba mwao, pamene abambo ake a Kurzius anali ndi malo ophikira buledi. Chestnut atachotsedwa ntchito m'chaka cha 2000, pa nthaŵi imene makampani ambiri a pa intaneti anali kugwa, anagwirizana ndi mnzakeyo kuyamba ntchito yokonzera makampani ena masamba a pa intaneti. Ntchito imeneyi ndiyo inali kuŵadyetsa.

Pogwira ntchitoyo anazindikira kuti ambiri mwa makasitomala ao anali kufunsa chinthu chimodzimodzi, ndicho njira yosavuta yotumizira kalata imodzi ya malonda kwa anthu ambiri nthaŵi imodzi kudzera pa intaneti. Tsono iwo anapanga kachipangizo ka pa kompyuta kochita zimenezi, ndipo anayamba kulipiritsa ofuna kukagwiritsa ntchito. Apa pali phunziro loyamba. Anyamataŵa sanayambe ndi kupanga chinthu kenaka n'kumafunafuna wochigula. Anamvetsera dandaulo la anthu amene anali kale kuŵalipira, ndipo katundu wao anabadwa kuchokera m'dandaulolo.

Kwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi Mailchimp inali ntchito yapadera chabe, yogwiridwa pambali. Ndalama zolipirira nyumba ndi kugula chakudya zinali kuchokerabe ku ntchito yakale ija. Mu 2007 ndi pamene eni ake, ataŵerengera bwino mabuku ao, anaona kuti ntchito yapambaliyo inali kukula mwamsanga kuposa ntchito yaikulu; motero anasiya kukonza masamba a anthu ena, n'kuika mtima wonse pa Mailchimp. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Iwo sanataye ntchito imene inali kuŵapatsa chakudya kufikira ziŵerengero zitaonetsa kuti ntchito yatsopanoyo ikhoza kuima payokha.

Nanga anthu anaidziŵa bwanji kampani yopanda ndalama zambiri zolengezera malonda? Chinthu chachikulu chinachitika m'chaka cha 2009. Kampaniyo inalola aliyense amene anali ndi maina a anthu osapitirira 500 kutumiza makalata ake kwaulere. Koma kalata iliyonse yaulere inali kunyamula pansi pake kachizindikiro ka Mailchimp, kampani yodziŵika ndi chithunzi cha nyani wovala chipewa cha wonyamula makalata. Choncho wophika makeke akatumiza kalata kwa ogula ake, ogulawo anali kuona dzina la Mailchimp. Ndipo ena mwa iwo, pokhala nawonso eni mabizinesi, anali kudzalembetsa. Wogwiritsa ntchito aliyense anasanduka wolengeza malonda a kampaniyo popanda kulipidwa. M'chaka chimodzi chokha chiŵerengero cha olembetsa chinakwera kuchoka pa 85,000 kufika pa 450,000. Amene mabizinesi ao anakula n'kupitirira malire aulere aja anayamba kulipira, ndipo phindu la kampani linakwera kwambiri.

Komatu pali mfundo imene omvera sayenera kuiphonya. Mailchimp inayamba kupereka zaulere itatha zaka zisanu ndi zitatu ikulipiritsa anthu, ndiponso ikupeza phindu. Inali kudziŵa ndalama zimene zinali kuonongeka potumikira munthu mmodzi, inalinso ndi olipira okwanira kusenza mtolo wa osalipirawo. Woyamba kumene bizinesi amene amagaŵa katundu wake kwaulere asanapeze ngakhale wogula mmodzi, amasonkhanitsa chinamtindi cha anthu chimene sangathe kuchisamala, ndipo mpamba wake umatha ogula enieni asanafike.

Njira ina imene kampaniyi inadziŵikira ndi yokhudza makutu, monga momwe wailesi imachitira. M'chaka cha 2014 kunayamba pulogalamu yomvera pa intaneti yotchedwa Serial, imene Sarah Koenig anali kufotokozamo sabata ndi sabata za mlandu wakupha umene unachitika ku Baltimore mu 1999. Mailchimp inavomera kulipirira pulogalamuyo isanatchuke. Chilengezo chake chinali chachifupi: anthu wamba anali kuŵerenga dzina la kampaniyo, ndipo mmodzi analitchula molakwika kuti "MailKimp". Pulogalamuyo inamvedwa ndi anthu mamiliyoni ambiri, ndipo katchulidwe kolakwikako kanakhala nthabwala imene omvera anali kuuzana okha. Kampaniyo inapindula chifukwa inapita kumene anthu anali kutchera khutu mwa kufuna kwao, pa nthaŵi imene makampani akuluakulu anali asanaganize zopitako.

M'zaka zonsezi anthu oika ndalama m'makampani a ena anali kubwera kudzapempha kugula gawo la Mailchimp, koma eni ake anali kukana. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Woika ndalama amalandira gawo la umwini, ndipo pamodzi ndi gawolo amalandira mau pa kayendetsedwe ka kampani. Iye amafuna kuti ndalama zake zibwerere zitachuluka m'zaka zoŵerengeka, motero kaŵirikaŵiri amakankhira kampani kwa makasitomala akuluakulu olipira ndalama zambiri. Chestnut ndi Kurzius anafuna kukhalabe ndi eni mabizinesi aang'ono, anthu onga makolo ao. Walira mvula walira matope: wolandira mpamba wa mwini amalandiranso malamulo a mwiniyo. Pamene kampani ya Intuit inagula Mailchimp m'chaka cha 2021 pa mtengo wa madola pafupifupi 12 biliyoni, ndalamazo sizinagaŵidwe kwa oika mpamba akunja, popeza kunalibe.

Njira imeneyi inali ndi mtengo wake. Inatenga zaka makumi aŵiri, ndipo zaka zoyambirira zinali za kugwira ntchito ziŵiri nthaŵi imodzi. Ndiponso kampaniyo sinali kupatsa antchito ake magawo a umwini monga amachitira makampani ambiri a makompyuta. Inali kuŵapatsa gawo la phindu la chaka ndi chaka. Itagulitsidwa, antchito ena anadandaula poyera kuti chuma chimene anathandiza kupanga chinapita kwa anthu aŵiri okha. Mwini bizinesi wofuna kukhala wodziimira ayenera kuganizira msanga za mmene adzathokozere amene akugwira naye ntchito, pakuti funso limeneli limakula pamodzi ndi bizinesiyo.

Phunziro lomaliza lili m'katundu weniweni amene Mailchimp inali kugulitsa. Inali kuthandiza mwini bizinesi kusunga maina a ogula ake ndi kulankhula nawo mwachindunji, ndipo lamulo lake linali lakuti munthu aliyense wolandira kalata akhale atavomera yekha kulandira. Mfundo imeneyi imagwira ntchito ngakhale kwa telala, kalipentala kapena mayi wogulitsa ufa pa msika wa pa boma. Anthu otsatira tsamba la bizinesi pa Facebook sali m'manja mwa mwini bizinesiyo, chifukwa kampani ya Facebook ndiyo imasankha amene aone uthenga wake. Koma kope lolembamo maina ndi manambala a foni a ogula amene anavomera kuuzidwa za katundu watsopano ndi chuma cha mwini bizinesi yekha, ndipo palibe angamulande.

M'chaka cha 2008 mlembi wina wa ku America, Kevin Kelly, anaŵerengera kuti munthu wogwira ntchito payekha amene ali ndi ogula okhulupirika 1,000, aliyense wopereka madola 100 pa chaka, amapeza madola 100,000. Ndalama za m'maboma a kuno ndi zosiyana ndi za ku America, koma kaŵerengedwe kake ndi komweko. Woyamba bizinesi atenge ndalama zimene akufuna kupeza pa mwezi, azigaŵe ndi phindu limene wogula mmodzi amamusiyira pa mwezi, ndipo adzadziŵa chiŵerengero cha anthu amene ayenera kuŵapeza, kuŵalemba m'kope lake ndi kuŵasamala kuti abwerenso.