Mfumu ya golide yomwe idabwerera kwawo ndi ngongole

Mu July 1324, anthu a mumzinda wa Cairo ku Egypt adaona zomwe sadazionepo chibadwire. Kuchokera kuchipululu kudatulukira mdipiti wa anthu ndi ngamira, ndipo pakati pawo padali Mansa Musa, mfumu ya Mali, kuzambwe kwa Africa. Mkuluyu adali pa ulendo wa ku Mecca kukachita Hajj monga Msilamu aliyense amafunira, koma chomwe chidamutchukitsa ndi katundu amene ngamira zake zidasenza: golide.

Mali wa nthawi imeneyo adali wamkulu ndithu. Ufumuwo udayambira kugombe la nyanja ya Atlantic, komwe lero kuli Senegal ndi Gambia, mpaka kumizinda ya m'mphepete mwa mtsinje wa Niger. Golide ankakumbidwa ku Bambuk ndi ku Bure, ndipo amalonda ankasinthanitsa ndi mchere wochokera ku Taghaza, m'chipululu cha Sahara. Musa adalowa ufumu cha m'ma 1312.

Wolemba mbiri wotchuka Ibn Khaldun adati pa ulendowo padali akatundu 80 a fumbi la golide. Buku lina lolembedwa ku Timbuktu patatha zaka pafupifupi 300 lidati anthu adalipo 60,000, koma nkhani ikamayenda pakamwa kwa zaka zochuluka choncho imanenepa panjira. Chomwe mabuku akalewo amagwirizana n'chakuti ambiri mwa osenza katundu adali akapolo. Amenewa mayina awo sadalembedwe paliponse, chikhalirecho ndiwo adaponda mchenga wotentha wa Sahara kwa miyezi kuti mbuye wawo atamandidwe.

Atafika ku Cairo, Musa adauzidwa kuti akaonekere kwa Sultan al-Nasir Muhammad. Adayamba wazemba, ati adabwerera mapemphero basi. Vuto lenileni lidali lakuti mwambo wa kumeneko unkafuna kuti mlendo aliyense agwade n'kupsompsona pansi pamaso pa Sultan. Nanga mfumu n'kugwadira mfumu inzake? Malinga ndi wolemba mbiri al-Umari, Musa adalolera atanong'onezedwa ndi mmodzi mwa anthu ake, koma adanenetsa kuti akugwadira Mulungu amene adamulenga. Sultan adamulandira bwino n'kumukhazika pambali pake.

Kenaka chikwama chidatseguka. Al-Umari, yemwe adacheza ndi anthu a ku Cairo patatha zaka 12, adamva kuti padalibe nduna kapena wogwira ntchito kunyumba ya Sultan amene sadalandireko golide. Alendowo adadzazanso misika kugula nsalu ndi zinthu zina.

Apa ndiye amalonda adadyerapo. Ataona kuti alendowo sakudziwa mitengo ndipo akukhulupirira chilichonse chomwe auzidwa, ankawagulitsa malaya a dinari imodzi pa madinari asanu. Amalondawo eni ake ndiwo adamufotokozera al-Umari za phindu lomwe adapeza. Alendo atazindikira kuti akhala akuberedwa masanasana, ulemu womwe adali nawo pa anthu a ku Egypt udatheratu.

Aliyense wogulitsa tomato amadziwa zomwe zimachitika katundu akachuluka pamsika. N'zomwe zidachitikira golide. Musa asadafike, muyeso umodzi wa golide wotchedwa mithqal, womwe ndi magalamu anayi ndi pang'ono, sunkatsika pa madirihamu 25. Iye atadutsa, sudapitirirenso madirihamu 22, ndipo al-Umari adapeza mtengowo udakali pansi. Masiku ano ena amakokomeza kuti Musa adagwetseratu chuma cha Egypt. Manambalawa sakusonyeza zotero, koma kuti ulendo wa munthu mmodzi usunthe mtengo wa golide kwa zaka zoposa 10 si zamasewera ayi.

Ku Mecca adakafikadi n'kuchita mapemphero ake. Ulendo wobwerera ndiwo udali wowawa: anthu ndi ngamira zambiri zidafera m'njira chifukwa cha kuzizira ndi mavuto ena a m'chipululu. Pofikanso ku Cairo, mpondamatiki uja adali atauma m'thumba. Golide yense adali atapita, ulendo wa ku Mali udakali wautali, pakamwa pofuna chakudya pali pambiri. Mfumu idagogoda kwa amalonda omwe aja kukapempha ngongole, ndipo iwo adabwereketsa pa chiongoladzanja chonga cha katapira.

Sikuti adabwerera chimanjamanja. Ku Mecca adakumana ndi Abu Ishaq al-Sahili, mlakatuli wochokera ku Granada, m'dziko lomwe lero ndi Spain, n'kumutenga kupita naye ku Mali. Mbiri ya ku Timbuktu imati mzikiti wa Djinguereber, womangidwa ndi dothi cha m'ma 1327, udamangidwa molamulidwa ndi Musa, ndipo ambiri amatchula al-Sahili monga woyang'anira ntchitoyo. Mzikitiwo ulipobe mpaka lero.

Mbiri ya golide wake idafalikira mpaka ku Ulaya. Mu 1375, Musa atamwalira kale, mapu otchuka a Catalan Atlas, ojambulidwa pachilumba cha Majorca, adamuonetsa atakhala pampando, chisoti chachifumu kumutu, golide m'manja. Mapuwo akusungidwa ku Paris. Mu 2012 tsamba lina la pa intaneti lidati chuma chake chingakwane madola 400 biliyoni a lero, n'kumutcha munthu wolemeretsetsa m'mbiri yonse. Akatswiri a mbiri yakale sagwirizana ndi nambalayo, poti palibe kaundula wa chuma cha Mali amene munthu angawerengetsere.

Nanga ngongole zija? Mmodzi mwa obwereketsa adali Siraj al-Din, khumutcha wa ku Alexandria. Iyeyu adatuma munthu wake kuti atsagane ndi mfumu kukatenga ndalamazo, koma mthengayo atafika ku Mali adakhazikika konko. Siraj al-Din adatopa n'kudikira, ndipo adanyamuka yekha pamodzi ndi mwana wake kudutsa Sahara yense kulondola chuma chake.

Ku Timbuktu adafikira kunyumba kwa al-Sahili, ndipo adamwalira usiku womwewo. Manong'onong'o adabuka akuti amuthirira chiphe m'chakudya, koma mwana wake adatsutsa, ati naye adadya chakudya chomwecho ndipo sichidamuchite kanthu, bambo ake nthawi yawo idangokwana. Mnyamatayo adapitiriza ulendo mpaka kulikulu la Mali, adalandira ndalama za bambo ake n'kubwerera ku Egypt.

Nkhaniyi adailemba ndi Ibn Battuta, mlendo wotchuka wa ku Morocco, yemwe adadutsa ku Timbuktu mu 1353, mu ulamuliro wa Mansa Sulayman, m'bale wake wa Musa. Mumzindamo adaona manda a anthu awiriwa, a mlakatuli wa ku Granada ndi a wamalonda wa ku Alexandria uja.