Saksofoni Ikamachita Chibwibwi

Mnyamata kapena mtsikana wophunzira kuliza saksofoni amafika pa nthaŵi imene chida chake chimayamba kuchita ngati chibwibwi. Akakanikiza kiyi liwu limachedwa kutuluka, kapena pakati pa manoti aŵiri pamamveka kaliwu kachilendo. Ana ambiri amagwa mphwayi poyesa kuti alibe luso, pamene makolo amadandaula kuti anataya ndalama pa chida chakufa. Koma tisanaweruze mwana kapena chida, tidziŵe kuti vutoli lili ndi magwero aŵiri, ndipo onse ali ndi mankhwala ake.

Gwero loyamba lili m'chida momwemo. Saksofoni anaipanga ndi Adolphe Sax wa ku Belgium, amene anailembetsa ku Paris m'chaka cha 1846. Thupi lake lachitsulo lili ndi mabowo oposa 20, ndipo bowo lililonse limatsekedwa ndi kachikopa kofeŵa kotchedwa padi. Poliza, mpweya wa m'kamwa umasiya chinyezi m'kati. Ngati woliza wangomwa kumene tiyi kapena chakumwa chotsekemera, shuga amatsalira pa chikopacho, ndipo akauma amamata ngati ulimbo.

Mapadi omata kaŵirikaŵiri ndi aja amene amakhala otseka chida chikamapuma, monga a G sharp, C sharp wam'munsi ndi E flat wam'munsi. Wovutitsa koposa ndi wa G sharp, pakuti chala sichimutukula. Chimangomumasula, ndipo kasipuling'i kakang'ono ndiko kamamutsegula. Akamata, woliza amafuna G sharp koma pamamveka G.

Pofuna kumumasula, titenge kapepala koyera kopyapyala, tikaloŵetse pansi pa padi, titseke kiyi mopepuka ndi kukakoka pang'onopang'ono. Tibwereze kufikira kapepalako katatuluka kopanda litsiro. Tisapake mafuta pa chikopa, ndiponso tisapinde makiyi ndi pulayala. Padi wong'ambika kapena wouma gwa ndi ntchito ya mmisiri. Kuti vutoli lisabwerenso, mwana azichukucha m'kamwa ndi madzi asanalize. Akatha, azipititsa nsalu yomangidwa pa chingwe m'thupi ndi m'khosi mwa chida, ndi kusiya bokosi lotsegula kwa kanthaŵi kuti chinyezi chiume.

Gwero lachiŵiri ndi zala. Tiyeni tione C sharp wapakati ndi D womutsatira. Pa C sharp zala zonse zimakhala m'mwamba. Pa D zala zisanu ndi chimodzi, pamodzi ndi chala chachikulu chakumanzere, ziyenera kutsika nthaŵi imodzi. Chimodzi chikangochedwa pang'ono, noti yosafunika imaloŵerera pakati. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Wophunzira apatule manoti aŵiri okhawo ndi kuwaliza mosafulumira kwa mphindi 5 tsiku lililonse, zala zili pafupi ndi makiyi, mpweya ukuyenda osaduka. Liŵiro aliwonjezere pokhapokha manotiwo atayamba kulumikizana mosalala.

Nanga tingasiyanitse bwanji magwero aŵiriŵa? Timuuze mwana kuti alize malo ovutawo pang'onopang'ono. Chibwibwi chikatha, vuto lili m'zala. Chikatsalira pa noti imodzimodziyo, makamaka chida chikangotuluka m'bokosi, ndipo padi namveka kuti phwa potseguka, vuto lili m'chida.

Inu makolo, musatope ndi mwana wobwereza manoti aŵiri madzulo onse, chifukwa pamenepo ndi pamene luso likumera. Mufunseni ngati wapukuta chida chake, monga mumamufunsira za mbale atatha kudya. Ndipo inu achinyamata, musafulumire kunena kuti saksofoni yakukanani. Yambani mwafufuza ngati cholakwa ndi padi kapena chala, ndipo mukachipeza muchikonze tsiku lomwelo.