Tauni ikukopa, nanga munda usiyidwe ndi yani?

Nyengo yokolola ikatha, fodya atapita ku okushoni ku Kanengo ndipo soya ndi mtedza zitatengedwa ndi mavenda, m'makomo ambiri a kwa Kabudula, ku Nsaru, ku Namitete ndi ku Mpingu mumabuka nkhani imodzi ana akagona: banja likhalebe kumudzi kapena lisamukire m'tauni?

Kawirikawiri amaiyamba ndi bambo, ndalama zikadali m'thumba. Amatchula kukwera mtengo kwa feteleza, kuchepa kwa munda, ndi mnzawo wina amene adapita ku Kasungu ndipo lero akuyendetsa kabaza wa njinga yamoto. Mayi amamvetsera mpaka bambo atamaliza, kenaka amafunsa funso limodzi lokha: nanga kumeneko ana azikadya chiyani?

Onse awiri ali ndi mfundo, ndipo nkhaniyi si yothamangira chifukwa banja likalakwitsa, kubwerera kumavuta.

Ambiri sakulotanso za mzinda wa Lilongwe. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzindawu mudali anthu pafupifupi 990,000, ndipo aliyense ali ndi mbale wake ku Mtandire, ku Chinsapo kapena kwa Mgona amene adamufotokozera za lendi, kuthithikana ndi kusowa kwa ntchito. N'chifukwa chake maso akutembenukira kumatauni ang'onoang'ono monga Kasungu, komwe kudali anthu pafupifupi 59,000, Mchinji boma ndi Mponela.

Nalo boma lakhala likufuna kuti anthu asamangothamangira m'mizinda ikuluikulu. M'zaka za m'ma 2000 lidayamba kutukula malo ena akumidzi kuti akhale timatauni, ndipo Nambuma adali m'gulu loyamba pamodzi ndi Nthalire ku Chitipa ndi Neno. Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu 2021, adabweretsanso ganizo lokuza matauni asanu ndi atatu kuti akhale mizinda yachiwiri. Kasungu ali m'gululi, limodzi ndi Karonga, Nkhata Bay, Salima, Liwonde, Mangochi, Luchenza ndi Bangula.

Koma mapulani a boma ndi nkhani ina. Banja liyenera kuwerengera zake.

Zokoma zake

Choyamba ndi msika. Kumudzi mayi wokazinga mandasi amadikira tsiku la msika kapena la mpira kuti agulitse. M'tauni ogula amadutsa tsiku lililonse: aphunzitsi, apolisi, anamwino, madalaivala ndi ana asukulu. Ambiri mwa iwo amalandira kumapeto kwa mwezi uliwonse, kutanthauza kuti ndalama imayenda ngakhale mu Januwale ndi Febuluwale pomwe kumudzi kumakhala kuli gwa.

Tauni iliyonse ili ndi pomwe imadyera. Kasungu ili pamsewu wa M1 ndipo ili pafupi ndi msika wa fodya wa Chinkhoma. Mchinji ili pachipata cha Mwami cholowera ku Chipata m'dziko la Zambia, komwe katundu ndi anthu sizileka kudutsa.

Chachiwiri ndi magetsi. Kalembera yemwe uja adaonetsa kuti mabanja 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo ambiri mwa iwo adali a m'matauni. Kwa wowotcherera zitsulo, wometa, telala kapena wogulitsa zoziziritsa kukhosi, magetsi ndiwo khasu lake. Mnyamata amene waphunzira ukalipentala kapena zomangamanga pa Namitete Technical College sangadalire mudzi wa nyumba makumi atatu kuti umupatse ntchito chaka chonse.

Chachitatu ndi sukulu ndi chipatala. Mwana wamkazi amene amayenda mtunda wautali kupita kusekondale yoyendera, kapena amene amachita lendi kachipinda payekha pafupi ndi sukulu, amakumana ndi mayesero ambiri. Makolo akakhala pafupi ndi sukulu, mwana amagona pakhomo. Chimodzimodzinso matenda akagwa usiku: kukhala pafupi ndi chipatala chachikulu cha boma n'kosiyana ndi kusakasaka ngolo kapena njinga mumdima, mvula ili mkati.

Zowawa zake

Walira mvula walira matope. M'tauni chilichonse n'chogula.

Kumudzi nyumba ndi yako, nkhuni n'zotola, ndiwo zamasamba zili kudimba, ndipo madzi a pamjigo amangofuna kangachepe kokonzetsera. M'tauni lendi imafika mwezi ndi mwezi, kaya malonda ayenda kaya sadayende. Madzi ndi a bilu kapena ogula pachigubu, makala ndi ogula, ngakhale chisoso ndi bonongwe zomwe zimangomera zokha kumunda zimakhala pamulu, pamtengo.

Nkhani yaikulu ndi chimanga. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limatha thumba la makilogalamu 50 pamwezi, nthawi zina osafika n'komwe kumapeto. Pachaka amenewo ndi matumba osachepera 12. Wolima amatapa m'nkhokwe. Wosalima amagula, ndipo amagula pamtengo wa tsiku limenelo, ngakhale m'miyezi ya njala pomwe mtengo umakhala utakwera kwambiri.

Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlimi adamva kuwawa pogula feteleza. Koma wa m'tauni adakumva tsiku lililonse: pasopo, pamafuta ophikira, paminibasi ndi palendi.

Ntchito nazonso si zambiri monga zimaonekera uli kutali. Tauni yaing'ono ilibe mafakitale ambiri, ndipo amene akubwera onse amaganiza zofanana: kabaza, okala, kaunjika, tchipisi kapena kakhumbi ka Airtel Money ndi Mpamba. Pamsika umodzi pakakhala ogulitsa tomato makumi awiri, phindu limagawika mpaka kutsala lochepa.

Palinso za umoyo. Nyumba zotsika mtengo zimakhala zothithikana, mabanja angapo chimbudzi chimodzi. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udaonetsa kuopsa kokhala pamalo opanda madzi abwino ndi zimbudzi zokwanira.

Chomaliza sichiwerengeka ndi ndalama. Kumudzi maliro akagwa, adzukulu amakumba manda, amayi amasonkha ufa, mfumu imayendetsa mwambo. Mayi akadwala, ana amadya kwa azakhali awo. M'tauni mlendo amayamba wadziwika kaye, kumpingo kapena kubanki m'khonde, asadapeze womugogodera usiku.

Nkhani ya munda

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amapunthwa. Kuti apeze mpamba, ena amagulitsa munda. Ku Mpingu, ku Njewa ndi ku Chitedze, komwe mzinda wa Lilongwe ukufika pang'onopang'ono, ogula malo sasowa, ndipo ndalama yomwe amatchula imaoneka yambiri kwa munthu amene sadaigwirepo.

Koma mpamba umatha, pomwe munda umabereka chaka ndi chaka. Bizinesi ikagwa, amene adasunga munda amabwerera n'kugwira khasu. Amene adagulitsa amabwerera kudzapempha ganyu pamunda womwe udali wake.

Komanso munda si wa munthu mmodzi. Pachichewa malo ndi a mbumba. Bambo amene ali pachikamwini sangagulitse munda wa kwa mkazi wake, ndipo naye mayi sangachite izi osamva kwa atsibweni ake ndi abale ena. Kumadzulo kwa Lilongwe kuli nkhani inanso: pansi pa chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chomwe chidayamba mu 1968, minda yambiri idalembetsedwa ngati ya banja lonse kudzera mwa mtsogoleri wa banjalo, njira yomwe imadziwika kuti ndunda. Kugulitsa malo otere mwamseri ndiko kumabala milandu yomwe imafika kwa gulupu, kwa T/A, mpaka kukhoti.

Kungousiya munda osauza aliyense nakonso n'kolakwika. Malo ogona zaka zingapo amayamba kudyedwa m'malire, ndipo mwini akabwera amapeza mizere ya ena. Chanzeru n'kukhala pansi ndi abale pamaso pa mfumu, n'kugwirizana amene azilima, kwa nyengo zingati, ndi matumba angati amene azipita kwa mwini munda. Mgwirizanowo ulembedwe papepala.

Njira yapakati

Kusamuka sikutanthauza kupita kutali nthawi zonse. Namitete ili pamsewu wa tala wa Lilongwe-Mchinji, ili ndi magetsi, sekondale, sukulu ya ntchito zamanja ndi chipatala cha St Gabriel's chomwe chakhala chikuthandiza anthu kuyambira 1959. Nsaru ili ndi msika wake ndipo chipatala cha Kabudula sichili kutali. Msewu wa Lilongwe-Kasiya-Santhe udafupikitsa ulendo wa anthu a kumpoto chakumadzulo kwa bomali. Banja lingathe kutsegula okala pamalo ngati awa, n'kumapalasa njinga kukaona mbewu m'mawa ndi kubwerako dzuwa lisadalowe.

Ena amasankha kuti bambo atsogole yekha kwa miyezi ingapo, mayi ndi ana atsale akusamala munda. Njirayi imateteza chakudya, koma ili ndi ngozi yake. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo maukwati ena adatha chifukwa miyezi itatu idasanduka zaka zitatu, bambo atapeza wina womuphikira. Ngati banja lasankha njira iyi, ligwirizane tsiku lodzakhalanso pansi n'kuona ngati zikuyenda kapena ayi.

Mafunso ofunika kuyankha

Katundu asadakwere pagalimoto, bambo ndi mayi ayankhe mafunso awa mosabisana.

Kodi kumeneko kuli ntchito kapena luso lenileni lomwe anthu akulifuna, kapena n'kungomva kuti mnzawo zikumuyendera? Kodi pali ndalama ya lendi ndi chakudya ya miyezi itatu kapena kuposerapo, yosiyana ndi ya mpamba? Chimanga cha chaka choyamba chichokera kuti? Ana apeza malo kusukulu, ndipo kusamukako sikuwadula pakati pa teremu, makamaka amene ali mu Sitandade 8 kapena Fomu 4? Nanga makolo okalamba atsala ndi yani?

Ndi bwinonso kukagona kwa mbale m'tauniyo sabata imodzi, osati pa Khirisimasi pomwe aliyense amaoneka wolemera, koma mu Febuluwale. Pamenepo ndi pomwe munthu amaona ngati eni okala akugulitsa kapena akungothamangitsa ntchentche.

Banja lomwe lili ndi luso m'manja, kangachepe kosunga ndi munda womwe ukulimidwa kumudzi lingathe kupita mtima uli m'malo, chifukwa zikakanika lili ndi kolowera. Koma ngati tikiti ya ulendowo ndi munda weniweniwo, funso la mayi lija likhala lisadayankhidwe, ndipo ndi bwino kudikira nyengo ina yokolola.